Pakati pa Msewu ndi Pamene Pamayenda a Thuyen

Achemwali anga a Thuyen agulitsa maluwa panjinga muno mu Hai Phong kwa zaka makumi awiri, ndipo madalaivala a kudoko amangowatcha mayi wamisala uja. Enafe timakwawira m'mphepete mwa msewu. Iwo ayi. Akamayandikira maloboti amatambasula dzanja n'kulowa pakati penipeni, kutsogolo kwa mathiraki a makontena. Hutala ilire bwanji, sasuntha.

Kuno sitiyang'ana m'mbuyo. Tinakula tikuuzidwa kuti zako n'zakutsogolo, wakumbuyo akuzemba yekha. Amuna a achemwali, a Khiem, ankakhulupirira zomwezo. Anali munthu waulemu mopitirira muyezo, wosafuna kutsekereza mnzake njira. Tsiku lina anaimika njinga m'kampata ka pakati pa thiraki ndi mphepete mwa msewu. Thiraki inakhotera kumanja, matayala akumbuyo n'kuwakolopa, dalaivala osaona kanthu. Kumaliro ndinalira, koma malowo sindinafune kuwadziwa.

Chaka chatha, kutatsala masiku atatu kuti tilowe Tet, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, anandipempha kuti ndiwathandize kunyamula nthambi za maluwa a mapichesi.

"Nhan, unditsatire pakati," anandiuza tikumanga katundu. "Ngati sukuona nkhope ya dalaivala, iyenso sakukuona."

"Achemwali, mukufuna ndife ndisanalawe nkomwe nyama ya Tet?"

"Chodzakupha iwe ndi ulemu wakowo."

Ndinawatsatira. Koma titafika pa maloboti a kudoko, thiraki itandifwenthera kumsana, ndinasiya kuwatsatira. Ndinathawira m'mphepete, n'kuima pambali pa thiraki ina. Tayala lake linkandifika m'khosi. Ndinayang'ana m'mwamba: nkhope ya munthu panalibe. Kenaka ndinaona nyali yake yakumanja ikuphethira.

Mayo ine! Kutsogolo njinga zamoto zadzaza, kumbuyo nthambi zakola pachitsulo cha chikwangwani.

Loboti inayatsa yobiriwira.

Achemwali anagwetsa njinga yawo pamsewu, maluwa mbwee, n'kukaima pamphuno pa thirakiyo atakweza chipewa chawo chamlaza m'mwamba.

"Choka apo, nkhalamba iwe!" anakalipa dalaivala.

"Ponda ine poyamba! Kumanja kwakoko kuli munthu, wakhungu iwe!"

Ndinadumpha n'kukwera pakhonde la sitolo, njinga ndikuikoka ngati mbuzi yokana kuyenda. Achemwali atapatuka, thiraki inakhota. Ndinaona ndi maso angawa matayala akumbuyo akudutsa pomwe ndinaima paja, akupera nthambi zomwe zinatsalira.

Ndinkadikira kuti andilalatira. Koma anangogwada m'mphepete momwemo n'kuyamba kutola tizidutswa ta mbale yadothi, phulusa ndi timitengo ta lubani, zomwe timaika pamalo pofera munthu. Ndinali nditaiponda ndekha mbaleyo podumpha.

"Ya ndani imeneyo?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Ya alamu ako," anatero. "Mbale ndigula ina. Koma ziwiri pamalo amodzi sindingakwanitse."