Malole 43 a Bambo Saulosi

Esitele Nkhoma anakulira ku Kapondo, kwa makolo olima mtedza, ndipo m'banja mwawo ndi yekhayo amene anapita ku Lilongwe kukaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Atabwerako anapeza ntchito pa kaofesi ka bambo Pius, pafupi ndi boda, komwe amakonzera madalaivala a malole mapepala olowera ku Zambia. Kwawo amangoti ndi kalaliki. Anatopa nako kuwalongosolera.

Pulogalamu ya pa ofesipo anailemba ndi Kelvin, mphwake wa bambo Pius, amene anasamukira ku Chipata osasiya ngakhale kapepala kofotokoza mmene imayendera. Ntchito ya Esitele inali kuiika zigamba.

Lachiwiri lina m'mawa munalowa bambo wamtali, thukuta lili kamukamu.

"Ndine Saulosi Zulu. Mukundifunanji anthu inu?"

"Ife sitinakuitaneni, bambo," anatero Esitele.

"Sabata ino yokha andiimbira anthu seveni. Wina akuti lole yanga ya feteleza yatseka msewu, wina akuti ndikatsitse simenti. Ine malole ndinasiya kalekale, ndimalima fodya ku Mkanda! Ndapalasa njinga mtunda wonsewu kuti mundiuze."

Anamuonetsa pa foni chithunzi cha pepala chimene wina anawatumizira. Chidindo chinali cha ofesi yawo, dzina ndi nambala zinali za a Saulosi. Esitele atafufuza mu kompyuta anapeza kuti mwezi umenewo bambowa "anayendetsa" malole 43, ena atatu tsiku limodzi.

Anawapatsa mpando ndi madzi, n'kutsegula m'kati mwa pulogalamu. Mu mapulogalamu otere, dalaivala aliyense amaumbidwa pa chikombole chimodzi, ngati njerwa. Kachigawo koumbako amakatcha konsitirakita: ukakapatsa dzina ndi nambala ya foni, kamapanga dalaivala watsopano. Pamakhalanso kena kosadikira kupatsidwa kanthu, konsitirakita ya difoti, kamene kamangodzaza zimene wolemba anakonzeratu. M'menemo ndi momwe munali a Saulosi. Kelvin, poyesa pulogalamu yake zaka zitatu zapitazo, anaikamo dzina ndi nambala ya dalaivala amene anali pa benchi tsikulo, n'kuiwala kuchotsa. Kalaliki wakale ankadzaza mabokosi onse, ndiye palibe chinkaoneka. Koma Linda, amene analowa ntchito mwezi watha, mzere ukatalika ankadumpha mabokosi a dalaivala, pulogalamu n'kulembamo yokha a Saulosi, osadandaula.

Esitele anamuimbira Kelvin.

"Aa, ijayi? Inali yongoyesera, asisi."

"Kuyesera zaka zitatu?"

"Koma pulogalamu siinafepo, eti?"

Esitele anadula foni. Anapepesa kwa a Saulosi, amene anamvetsera nkhani ya chikombole ija mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye andiimbiranso kapena ayi?"

Masana omwewo anaichotsa konsitirakita ya difoti ija. Tsopano fomu yopanda dzina la dalaivala inkakanidwa. Pofika fili koloko Linda anali atapita kale kukadandaula kwa bwana.

"Mayi Nkhoma, makinawa mwawatani?" anafunsa bambo Pius. "Kale ankalandira chilichonse."

"Ndiye vuto lakelo, bwana."

"Mzere wafika pa msewu. Bwezerani momwe zinalili, mungoikamo dzina lina."

"La ndani? Ndiikemo lanu, ndi nambala yanu?"

Bambo Pius anayang'ana foni yawo, n'kutuluka kukauza madalaivala kuti adekhe.

Zinamutengera Esitele masiku anayi kuti apeze eni ake enieni a malole 43 aja. Ena anali ku Lusaka, ena sankayankha, wina anamukalipira kuti akumusokoneza pa chiwongolero. Linda anakhala sabata yathunthu osamupatsa moni, akumenya mabatani ngati akusinja.

Lolemba lotsatira Esitele anati aone zikombole zina zimene Kelvin anasiya. Pa cha katundu anapeza kuti lole iliyonse yosalembedwa zimene yanyamula inkatuluka ndi matani 30 a nandolo. Anatsamira pa mpando, n'kuitana.

"Linda, tabwera. Mwezi uno unadumpha kangati bokosi la katundu?"

Linda anayamba kuwerenga zala. Atafika pa dzanja lachiwiri, Esitele anamuuza kuti abweretse mafayelo onse.