Njinga ya alamu yakwera galimoto kawiri

Mwaswera bwanji nonse.

Alamu athu, amuna a Esinati, afika kuno ku Nsipe m'mawa uno kuchokera ku Lilongwe, njinga ataimangirira padenga la galimoto. Akuti akufuna asiye kudalira galimoto, ndiye Loweruka lililonse amakapalasa kutali kolimbitsa thupi.

Atanena kuti lero apalasa mpaka ku Bwanje, ndawachenjeza kuti popita ndi kotsetsereka, koma pobwera ndi chitunda chokhachokha, dzuwa lake losanena. Iwo ati, "Alamu, njinga iyi ili ndi magiya." Basi anyamuka.

Masana foni yalira, akuti miyendo yakana. Esinati walizanso galimoto kukawatenga. Wawapeza atakhala pansi pa mtengo, mayi wina akuwadutsa ndi njinga yake itasenza thumba la mpunga.

Ine nthawi ya chipani chimodzi ndinkapalasa mpaka ku Lizulu kukatenga kachewere, khadi la chipani lili m'thumba, ndipo njinga yangayo sinakwerepo galimoto. Ya alamuyi yakwera kawiri lero lokha. Ndawauza pamaso kuti ngati akufunadi kusiya galimoto, ayambe kupalasa popita kuntchito Lolemba.

Esinati wandikwiyira kuti ndawachititsa manyazi amuna ake, moti akuti sagona kuno. Inu mukuti bwanji? Kupepesa ndipepesa, koma mundiuze kaye pamene ndanama.