Mbale ya Nandolo pa Maliro a Achemwali

Ndinadzuka tambala asanalire, kaya n'kudzuka pamene munthu wangosinza pang'ono chokhala. Achemwali anali pamphasa pakati pa nyumba, atakutidwa nsalu yoyera. Panja amuna anali atasasa mawu ndi nyimbo za mpingo. Chiperoni chinali chitatsika m'phiri la Mpingwe, nkhuni zonse zitanyowa, moto wathu utsi wokhawokha. Mbuzi ya adzukulu, okumba manda aja, inaphedwa kuseri kwa nkhokwe. Nditangomva fungo la ubweya wowauka ndinagwidwa nthumanzi, chifukwa cha alamu.

Alamu, amuna awo a achemwali, sankadya nyama. Anapita ku nkhondo ya Ajeremani ngati mtengatenga ali munthu wodya chilichonse, anabwerako ali mafupa okhaokha, ndipo kuyambira pamenepo nyama ikangowakhudza pakamwa ankasanza. Zimene anaona kumeneko sananene. Koma kwathu kuno wokana nyama ya mbuzi anthu amamunong'ona kuti ndiye kuti amakhuta ya kumanda. Akhristu omwewa, ndithu, obatizidwa! Achemwali ankadziwa zimenezi. Pa chakudya cha mpingo, kaya pa Khirisimasi kaya pa ubatizo, mbale za amuna zikamatuluka ankawaitana alamu kuti akawaze nkhuni, n'kuwapatsa ndiwo zamasamba kuseri kwa khitchini. Ena ankaona, koma achemwali anali ndi pakamwa, palibe ankayerekeza. Tsono alamu anali mkamwini pamudzi pathu. Kukhala kwawo ndi ana awo kunali m'manja mwa amalume athu, amene sanawakonde chiyambire.

Dzuwa silinaoneke tsiku limenelo. Anthu anafika atafunda matumba kumutu: anzawo a alamu a ku njanji ku Limbe, amayi a mpingo, ndi Asilamu oyandikana nafe amene anakhala paokha pansi pa mango. Mkulu wa mpingo anawerenga mawu, mvula ikudonthera pabuku. Bokosi linali la matabwa a mabokosi a sopo, zilembo za Chingerezi zikuonekabe m'mbali. Njira ya kumanda inali yoterera, onyamula ankasinthana pafupipafupi. Ine ndinalira mpaka anachita kundigwira. Alamu anangoyenda pambuyo, maso ali gwa, osatulutsa msozi, ndipo ndinaona anthu akukodolana.

Titabwerera, amuna anakhala pabwalo, mbale za nyama n'kuyamba kutuluka. Ndinkafuna kuchita monga achemwali, kuwaitana alamu, koma namfedwa angakawaze bwanji nkhuni tsiku loika mkazi wake? Ndili mkati moganiza, mayi wina wa mpingo, mnzawo wa achemwali, anatulukira ndi mbale yovundikira. Anali atabwera ndi mphika wake kuchokera kwawo, ataphika nandolo payekha kuti asakhudzane ndi msuzi wa mbuzi. Anagwada pamaso pa amuna onse, n'kunena mokweza kuti alamu amve: "Pepani bambo, muno mulibe nyama."

Kalanga ine! Mayi uja anachita ndi mtima woyera, sindidzamunena. Koma anthu onse pabwalo anacheukira alamu.

Mdzukulu wina, matope a manda akadali m'miyendo, analankhulira pansi koma tonse tinamva: "Ya mbuzi saifuna. Akudikira takwirira ija."

Amalume anatola chiwindi m'mbale mwawo n'kuchiika patsogolo pa alamu. "Idyani, akamwini, anthu aone."

Mphunzitsi wina wokalamba amene anakhala nawo pafupi anatambasula dzanja, amvekere chiwindi n'cha opanda mano ngati iye, amupatse. Amalume anakankha dzanjalo. Alamu anayang'ana chiwindi chija nthawi yaitali. Kenako anachinyamula, anachiika m'kamwa, anayesa kutafuna. Anayesadi, ndinaona ndi maso angawa. Kenako anathamangira kuseri kwa nkhokwe, ndipo pabwalo ponse panamveka kusanza kwawo.

Amalume anasamba m'manja n'kulamula kuti anyamata akalondere manda. Anati tikangometa maliro akamwini abwerere kwawo, ana ndi a mbumba yathu, atsala. Ine ndinaiwala manyazi, ndinakuwa kuti munthuyu wamanga nyumba pano, walera mchemwali wathu pa matenda mpaka imfa, lero mukumusandutsa mfiti chifukwa cha nandolo? Amayi athu anandikokera m'nyumba. Mkulu wa mpingo anangoweramira m'buku lake. Anzawo a ku njanji ananyamuka mmodzimmodzi, ati sitima siidikira.

Madzulo nyumba inali zii, pamene panali mphasa pakuoneka dothi louma. Alamu anakhala pakhonde. Kamwana kawo kakakazi, kamene kankakana nyama potsanzira bambo ake, kanabwera n'kuwatsamira pamwendo. Anakasisita kumutu mpaka kanagona. Kenako anandiitana, mawu ali pansipansi.

"Alamu, uyu muzimupatsa nyama, pa anthu. Akakana, mukakamizeni. Akalira, musamumvere chisoni."

Ndinafuna kukana. Koma ndinayang'ana pabwalo pamene anthu aja anakhala, ndipo ndinati inde, alamu.