Ndinalemba Kuti Chanaze Analonga Thonje

Inu owerenga, ine ndinapundula mnzanga. Sindinanyamule ndodo kapena mwala, koma dzanja lake lamanja silipinda mpaka lero chifukwa cha mizere iwiri imene ndinalemba papepala. Papita zaka zitatu tsopano. Nkhaniyi ndakhala ndikuilemba m'kabuku kanga ndi kung'amba, kulembanso ndi kung'ambanso, koma lero ndati ituluke, kuti wina amene wapatsidwa pensulo ngati ine asachite zimene ndinachita.

Kwathu ndi kumtunda kwa Chikwawa, kufupi ndi mapiri, ndipo ndinakula ndikuyankhula Chimang'anja chokha. Atsibweni anga ndiwo ananditengera ku sukulu ya mishoni ina kufupi ndi kwa Tengani, kumene atsikana tinkagona m'nyumba imodzi yaudzu, anyamata kwawo. M'mawa tinkaphunzira kuwerenga, masamu ndi Mawu a Mulungu, masana atsikana kusoka, anyamata kupala matabwa. Koma ntchito ya tonse inali munda wa thonje wa sukulu. Tinauzidwa kuti thonjelo likagulitsidwa ku tauni ya Port Herald kudzabwera masileti atsopano ndi nsalu ya aliyense. Amene mukudziwa dzuwa la kuno mukumvetsa mmene tinalivutikira thonje limenelo.

Pasukulupo panali mwambo umene ndinkaukonda. Loweruka lililonse m'mawa, tikatha mapemphero, tonse tinkakhala pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo wophunzira mmodzi ankaimirira kuwerenga nkhani za sabata imeneyo zimene walemba yekha: wabatizidwa ndani, wapambana liwiro ndani, kwaya yaphunzira nyimbo yanji, ng'ona yagwira mbuzi ya yani. Akatha kuwerenga, pepalalo ankalikhoma pachitseko cha tchalitchi. Chaka chimenecho ntchitoyi inapatsidwa kwa ine, ndipo ndinali mtsikana woyamba kuigwira. Anyamata sanakondwe. Ankati nkhani zanga n'zozizira, n'kundipatsa dzina loti Mlembi wa Mbuzi. Ndikadutsa ankalira ngati mbuzi. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkalakalaka tsiku limene ndidzawerenge nkhani yowatseka pakamwa onsewo.

M'nyumba yathu ya atsikana munali Chanaze, mtsikana wa Chisena. Makolo ake anathawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzamanga kufupi ndi Marka. Anali wochepa thupi, wosayankhulayankhula, ndipo pakusoka panalibe womuposa. Dona, mkazi wa Mzungu wa mishoni, ankanena poyera kuti chaka chikatha Chanaze ayamba kuphunzitsa ana aang'ono kusoka. Chimang'anja ankayankhula bwino ndithu, koma akachita mantha chinkamuthawa, n'kutsala Chisena chokha.

Titatola thonje, linasungidwa m'nyumba ina imene kiyi wake ankakhala ndi a Sande, kapitawo wa munda. Posakhalitsa tinayamba kuona kuti mulu ukuchepa. Aliyense ankanong'ona, wina ankayang'ana mnzake ndi diso loipa. Mkati mwa zimenezi, Lachisanu lina m'mawa, Mzungu ndi Dona anakwera sitima kupita kumsonkhano kumtunda, ndipo sukulu inatsala m'manja mwa aphunzitsi a Yohane kwa masabata awiri.

Masana a tsiku lomwelo ndinapita kudooko kukachapa. Kumeneko ndinapeza amayi awiri ophikira Dona akuchapa uku akucheza m'Chisena. Ine Chisena ndinkangotola liwu apa ndi apo, ngakhale pamaso pa anzanga ndinkadzionetsa ngati ndimachimva. Mmodzi wa amayiwo, mai Nyamiti, anatsitsa mawu nati, "Ndi Chanaze adalonga pya thonje." Mawu atatu ndinawamva bwinobwino: Chanaze, kulonga, thonje. Kwathu kulonga ndi kuika zinthu m'thumba kapena m'dengu. Ndikuuzeni zoona, mtima wanga sunagunde ndi chisoni, unagunda ndi chimwemwe. Sindinawafunse kanthu amayiwo, ndinaopa kuti wina angandilande nkhani yanga. Dzuwa lisanalowe ndinali nditalemba kale: "Tadziwa kumene thonje la sukulu likupita. Chanaze ndiye analonga thonje m'matumba." Zoti m'matumba amayi aja sananene. Ndinaonjezera ndekha kuti chiganizo chikome.

Masiku onse aphunzitsi a Yohane ankayamba aona pepala langa, koma Loweruka limenelo ntchito inawachulukira, anangoti ndiwerenge. Ndinayamba ndi za kwaya, kenako za liwiro, ndipo nkhani ya thonje ndinaisungira kumapeto. Nditaiwerenga, Chanaze anandiyang'ana kukamwa kuli kotsegula, ngati sanamve. Aphunzitsi anandifunsa kumene ndazimva, ine ndinayankha molimba mtima kuti kwa anthu akuluakulu awiri odziwa za m'nyumba ya Dona.

Chibuma choyamba chinachokera kumbuyo kwa anyamata, chinamenya Chanaze paphewa. A Sande anali atafika kale pamenepo ndi chikoti cha chikopa cha mvuu. Anamugwira pakhosi, namukokera pakati pa bwalo, namugwetsa chafufumimba. Aphunzitsi anati zikhale zikoti zinayi zokha, zina zidikire Mzungu, koma panalibe amene ankawamvera. Chikoti choyamba chinang'amba nsalu, chachiwiri chinang'amba khungu. Pamenepo Chimang'anja chinamuthawa Chanaze, ndipo anakuwa kuti, "Ndalonga basi! Ndalonga kuna Dona!"

A Sande anatembenukira kwa ife. "Mwamva nokha ana inu, wavomera."

Inu owerenga, a Sande ankachidziwa Chisena ngati Chimang'anja, mkazi wawo anali Msena. Anamva bwino zimene mwanayo ananena. Koma ife ambiri tinamva kuvomera, ndipo bwalo lonse linamugwera. Anyamata akuluakulu anamuponda ndi mapazi m'nthiti. Atsikana amene tinkadya naye mbale imodzi anamukoka tsitsi, kumulavulira ndi kumutcha mbava ya kutsidya. Ana awiri a Chisena a m'kalasi yaing'ono ankakuwa kuti sizimene akutanthauza, mmodzi anapatsidwa mbama mpaka magazi m'mphuno, onse anakhala chete. Aphunzitsi anayesa kulowa pakati koma anakankhidwa n'kugwa. Chanaze anaphimba mutu ndi dzanja lamanja, ndipo wina, sindinaone kuti ndani, anatsitsa mpini wa khasu padzanjapo. Linamveka ngati phesi louma la mapira likathyoka. Chanaze anasiya kulira. Ndi chete ameneyo amene anawabalalitsa, chifukwa ankayesa wafa.

Ine nthawi yonseyi ndinali chiimire, pepala lili m'manja. Mnyamata wina amene ankakonda kundinena anandisisita pamsana nati lero ndiye ndalemba nkhani.

Anafufuza m'katundu wa Chanaze osapeza ngakhale kathonje kamodzi, koma a Sande anati analipereka kale kwa abale ake. Mai Nyamiti, amene sanalipo m'mawa uja, anamunyamulira kunyumba kwawo, namutsuka mabala ndi madzi amchere, namumanga dzanja ndi timabango. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anandiitanira kuseri kwa khitchini. Anandifunsa ngati ndine ndinali kudooko Lachisanu. Ndinavomera. Kenako anati:

"Mwana iwe, kulonga kwathu ndi kunena. Chanaze ananena za thonje. Ndiye anaulula."

Anandifotokozera kuti Chanaze, popita kukatunga madzi m'mamawa, anaona a Sande akukweza thonje m'bwato la munthu wina, ndipo Lachinayi anakauza Dona. Dona anamuuza kuti asauze aliyense kufikira iwo atabwerako, koma amayi ophika aja anazimva ali m'khitchini. Mai Nyamiti anati anapita kale kwa aphunzitsi, koma a Sande anawatsutsa kuti Asena akungoikirana kumbuyo, ndipo aphunzitsi anati akhulupirira pokhapokha wolemba pepala abwere yekha kudzanena kuti analakwitsa. Mai Nyamiti anandigwira dzanja nati tipite pompano.

Apa ndi pamene pali tchimo langa lalikulu. Kusamva liwu ndi umbuli, koma zimene ndinachita tsopano ndinazichita ndikudziwa. Ndinasolola dzanja langa n'kuthawa. Ndinaganiza za chikoti chija pamsana panga, za anyamata kuyambanso kulira ngati mbuzi, za atsibweni anga kumva kuti ndachotsedwa sukulu. Ndinadziuza kuti Dona akabwera zonse zidzakonzeka zokha. Lolemba ndinakhala chete. Lachiwiri ndinakumana ndi a Sande panjira ya kumunda, anandipatsa moni mwaulemu kuposa masiku onse, ine ndinagwada n'kuyankha.

Lachitatu masana kunafika bambo ake a Chanaze ndi abale awo anayi, atabwera pabwato, nkhafi zili m'manja. Bamboyo atamuona mwana wake sanalire. Anapita pachitseko cha tchalitchi, nakanganula pepala lija, ndipo popeza sankadziwa kuwerenga anangolikweza m'mwamba kufunsa kuti dzanja limene linalemba ili ndi la yani. Maso onse anabwera kwa ine. Aphunzitsi a Yohane anaima kutsogolo kwanga nati wolembayo ndi mwana, mlandu ukhale pa iwo. Mmodzi wa abale aja anawatema ndi nkhafi pamutu, magazi anandithovukira pankhope. Anyamata anathamangira makasu ndi matabwa, ndipo ndewu inabuka pakhomo penipeni pa tchalitchi. Mbale wina wa Chanaze anagulutsidwa mano, mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anathyoka nthiti. A Sande sanaoneke. Aphunzitsi, magazi ali chuchuchu, anali atandikanikiza kukhoma ndi msana wawo kuti chinthu chisandikhudze, ndipo ngakhale pamenepo sindinatsegule pakamwa.

Ndewu itatha anamunyamula Chanaze pansalu yomangirira kumtengo kupita naye kubwato. Bambo ake anatembenuka n'kunena mawu ochepa m'Chisena. Pambuyo pake mai Nyamiti anandimasulira: akuti tinathawa chikoti kwa Apwitikizi, tadzachipeza pakhomo pa Mulungu.

Mzungu ndi Dona atabwera, choonadi chinatuluka tsiku lomwelo, osati m'kamwa mwanga. A Sande anali atathawa kale dzulo lake. Dona anandiitana, ndipo ndinaulula zonse, za kudooko, za matumba, za kuthawa kwanga Lamulungu. Ndinkayembekezera chikoti, ndipo mwina chikanandipepuza mtima, koma sanandimenye. Anandilanda ntchito yolemba nkhani, nandiuza kuti ndiimirire pamaso pa sukulu yonse ndinene zimene ndinachita. Ndinanena. Amene anamuponda Chanaze anaweramitsa mitu, ena analira, koma wondimenya panalibe. Aphunzitsi a Yohane ali ndi chipsera pachipumi mpaka lero, ndipo sanandinenepo liwu loipa.

Dona anatuma uthenga kawiri kuti Chanaze abwerere, bambo ake anakana. Nthawi ya tchuthi ndinapempha mai Nyamiti kuti andiperekeze kwawo kwa Chanaze. Tinayenda masiku awiri. Tinamupeza pakhonde akupeta mchewere, lichero ataligwira ndi dzanja lamanzere, mbali inayo ataitsamiritsa pamkono. Fupa linalumikizana mokhota, zala zitatu zinauma. Singano sangathe kugwira. Amayi ake atandizindikira analowa m'nyumba, koma iye anandiyalira mphasa. Ndinagwada, mawu onse amene ndinakonza panjira anandithawa, ndinangoti andikhululukire. Anapitiriza kupeta kanthawi, kenako anandiyankha m'Chimang'anja chomveka bwino.

"Tsiku lija unkalemba, pensulo yako inathyoka. Ndine ndinakusongolera. Ndinali pambali pako, iwe. Bwanji sunandifunse?"

Ndinali nditaiwala, koma zinali zoona. Sananene kuti wandikhululukira, sanandithamangitsenso. Anandipatsa madzi akumwa, ndipo pobwerera anatiperekeza mpaka kumapeto kwa munda wawo.

Tsopano ndili m'kalasi yomaliza, ndikuphunzira za uphunzitsi, ndipo mai Nyamiti amandiphunzitsa Chisena tikamatsuka mbale. Tchuthi chilichonse ndimapita ku Marka. Ulendo watha bambo ake anandiyankha moni kwa nthawi yoyamba, ndipo ndili ndi chikhulupiriro kuti tsiku lina adzamulola Chanaze kubwerera kusukulu, chifukwa mutu wake ndi wakuthwa kuposa wanga. Koma dzanja lija silidzabwerera, ndipo izi sindidzinamiza.

Inu owerenga, makamaka anzanga a m'sukulu amene mwayamba kudziwa kulemba, mvetserani. Anthu amakhulupirira pepala kuposa pakamwa, ndipo akakwiya safunsa kuti wolemba anamva bwino kapena ayi. Kuno timakhala anthu a zinenero ziwiri zofanana mawu, ndipo liwu limene mukuliyesa lanu likhoza kukhala la mnzanu. Musachite manyazi kunena kuti sindinamve. Musaonjezere kanthu kuti nkhani ikome. Ngati mwazindikira kuti mwalakwa, nenani tsiku lomwelo, chifukwa masiku atatu amene ine ndinakhala chete anakhetsa magazi a anthu ena atatu. Ndipo musanalembe dzina la munthu papepala, dzukani, pitani kwa mwini dzinalo, mukamufunse.