Mapiritsi ofiira a mlamu wanga

Inu owerenga, mankhwala amene anapha amuna anga ndinkawapatsa ndine, ndi manja angawa. Koma amene anandigulitsa sindidzamukhululukira.

Amuna anga ankapikula nsomba kunyanja ya Amaramba n'kupalasa njinga mpaka kumsika wa Insaca, kuno ku Mozambique. Msana ndi mawondo zinkawasowetsa mtendere. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa bere limodzi, amagulitsa mapiritsi pamphasa mumsika womwewo, ochotsa m'mabokosi n'kumanga m'timapulasitiki. Anandipatsa ofiira, ati ochotsa kutupa ndi ululu. Nditafunsa kapepala ka malangizo, anaseka.

"Alamu, Chipwitikizi mumachidziwa inu? Awiri m'mawa, awiri madzulo, basi."

Ine ndinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndiye Chipwitikizi sindinaphunzire; mwamanyazi ndinangolandira mapiritsiwo. Ululu unathadi. Miyezi itatu ndinkawaikira mapiritsiwo pambali pa tiyi, uku ndikudziyesa mkazi wosamala.

Kenako m'kamwa mwawo munabuka zilonda, kukhosi osameza ngakhale phala, thupi lili moto. Ine chitsiru ndinawonjezera mapiritsi omwewo kuti kutentha kutsike! Tsiku lachinayi m'pamene tinawakweza shapa, minibasi ya kuno. Kuchipatala atayeza magazi, adokotala anayang'ana kapulasitiki kaja n'kupukusa mutu. Anati mwa anthu ena mankhwala oterewa amatha maselo oyera a m'magazi, asilikali olimbana ndi matenda, moti kachilonda kakang'ono kamagwetsa munthu wamphamvu. Tinali titachedwa. Anamwalira patapita masiku awiri.

Pamaliro mlamu analira kuposa tonsefe, akuuza anthu kuti achimwene ake anawalodza anzawo a nsomba. Sabata isanathe, mphasa anali atayalanso.

Mapiritsi otsala ndinasunga. Tsopano ndimakhala moyang'anizana naye mumsika, ndipo aliyense wowerama pamphasapo ndimamuuza za amuna anga. Abale akuti ndikuchititsa manyazi banja. Achite manyaziwo.

Mwezi watha ndinamuona akuyenda chowerama, atagwira msana. Ndinamutambasulira kapulasitiki kaja, msika wonse ukuona.

"Imwani, alamu. Awiri m'mawa, awiri madzulo."

Anabweza manja kumbuyo ngati ndamupatsa njoka. Ati iye amapita kuchipatala.

Inu owerenga, mankhwala a ululu opanda dzina musawameze, ngakhale wogulitsa ndi m'bale wanu. Mukamamwa mapiritsi otere n'kuona zilonda m'kamwa ndi kutentha thupi, siyani, mukayezetse magazi tsiku lomwelo. Ine ndinadikira masiku anayi, lero ndine wamasiye. Mlamuyo ndidzamusiya tsiku limene adzameze awiri okha ine ndikuona.