Matimati a apongozi anga

Kodi banja la m'tauni liyenera kugula zakudya kangati pa mwezi kuti ndalama zisamathe msanga? Funsoli ndinkaliona ngati la masamu, ndipo pa masamu yankho lake si lovuta. Kugula kamodzi, mochuluka, malipiro akangolowa, kumachepetsa ndalama za minibasi, kumatsitsa mtengo wa chinthu chilichonse, komanso kumam'teteza munthu ku tizinthu tosafunika timene timam'kodola akamalowa m'sitolo pafupipafupi. Mpaka lero sindinapeze cholakwika m'yankho limeneli. Chimene masamuwo sanandiuze n'chakuti m'nyumba mwathu ku Chelstone munali munthu amene kugula tsiku ndi tsiku inali ntchito yokhayo imene inamutsalira.

Munthuyo ndi apongozi anga, atate awo a amuna anga. Anabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Chadiza akazi awo atamwalira. Mzinda wa Lusaka sunali wachilendo kwa iwo, pakuti anagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri akukhala ku Kabwata, ndipo mpaka pano amakhulupirira kuti misewu inkayenda bwino nthawi imeneyo chifukwa iwo analipo. Atafika kwathu sanapemphe ntchito, anangoitenga. M'mawa uliwonse, ife tikukonzekera kupita kuntchito, iwo amakhala atavala kale jekete ndi tayi, nsapato zikuwala, ngati munthu amene akukaonekera kukhoti. Amalandira kandalama kwa mwana wawo n'kulunjika kumsika wa pafupi nafe. Pobwera, dzuwa litafika pamutu, amanyamula matimati, anyezi, mtolo wa lepu, ndi nkhani za anthu amene ife sitinawaonepo.

Ndiyenera kufotokoza mwambo umodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kwathu kum'mawa, mkazi ndi atate a mwamuna wake amapatsana mpata. Sitidyera pamodzi, sitiyang'anana m'maso nthawi yaitali, iwo salowa m'khitchini mwanga, inenso sindilowa m'chipinda chawo. Iwo amanditchula kuti apongozi, monga inenso ndimawatchulira ndikamanena za iwo, ndipo mawu alionse olemera amadzera mwa amuna anga. Anzanga ena a ku yunivesite amadabwa kuti ine, amene nditsutsana ndi akuluakulu pamsonkhano, ndimagwada popereka madzi. Ine mwambowu sindinauonepo ngati goli. Nyumba yaing'ono imakula anthu akamapatsana mpata wotere.

Mitengo ya zinthu itayamba kukwera mopanda manyazi, ndinakacheza kwa mnzanga wa kuntchito amene amakhala ku Kabulonga. Anandionetsa chipinda chake chosungiramo zakudya monga ena amaonetsera zithunzi za ana awo. Ndinabwerako nditatembenuka mtima. Amuna anga anavomera msanga, monga amavomerera zinthu zonse zimene akuganiza kuti sizichitika. Koma Loweruka la kumapeto kwa mwezi anadzipeza ali ku City Market, atasenza thumba la nyemba paphewa, ine ndikutsitsa mtengo wa kapenta ndi bokosi lathunthu la matimati. Mafuta, shuga ndi sopo tinakagula kusitolo yaikulu. Matimatiwo ndinawaphika, ndinawaika m'timabotolo ndi m'timapulasitiki, ndipo furiji inadzaza mpaka chitseko chinkafuna kukankhidwa ndi bondo.

Panatsala kuwauza apongozi kuti ulendo wa m'mawa watha. Ntchitoyo, malinga ndi mwambo, inali ya mwana wawo.

"Mwawauza?" ndinafunsa madzulo ake.

"Ndawauza."

"Mwati chiyani?"

"Ndati apongozi anu agula zinthu zambiri."

"Ndiye ati bwanji?"

"Ati ndinakwatira mkazi wanzeru."

Lolemba nditaweruka, ndinamva kutsokomola kwaulemu pakhomo la khitchini. Apongozi anaima panja, phazi limodzi pasitepe, matimati ali m'manja, maso ali pamtengo wa mapeyala.

"Odi, apongozi. Ndimaganiza kuti mwina matimati atha m'nyumba muno."

Kumbuyo kwanga furiji inali kung'ung'udza ndi matimati okwana ukwati. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo, atate, mwatithandiza."

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti dongosolo langa lakumana ndi dongosolo lina lakale kwambiri, lopanda mng'alu. Iwo sangalowe m'khitchini, choncho sangaone zimene zilimo, ndipo munthu amene sanaone ali ndi ufulu woganiza kuti zatha. Ine sindingawauze mkulu wotere pamaso kuti mphatso yawo n'njosafunika. Aliyense wa ife amachita zoyenera ndendende, ndipo matimati amachuluka. Anadzaza pawindo, anadzaza m'beseni, anayamba kupita kwa oyandikana nafe. Ndinawaika m'nyemba, m'mazira, m'kapenta, mpaka m'mawa wina amuna anga anasuzumira m'kapu asanamwe tiyi n'kufunsa ngati umunso alimo.

Si kuti apongozi sanamve kanthu konse. Madzulo ena, atakhala pakhonde ndi mwana wawo, anakweza mawu pang'ono kuposa mmene mtunda wa pakati pawo umafunira, ndipo ndinadziwa kuti mawuwo akulowera pawindo la khitchini.

"Iwe, tandiuza. Kumasitolo anu aakuluwo, alipo anakupatsapo mbasela?"

Mbasela ndi kanthu kamene wogulitsa amaonjezera pamwamba pa zimene wagula, tomato mmodzi kapena anyezi, posonyeza kuti akukudziwa.

"Makina olira tii tii aja," anapitiriza, "amadziwa kuti ndiwe mwana wa yani? Ukadwala amafunsa?"

Inenso ndinakweza mawu kulankhula ndi amuna anga. "Bambo, tauzani atate kuti mbasela amene amabwera kunoyu nthawi zambiri amakhala wofewa mbali imodzi."

"Auze apongozi kuti wofewayo ndiye amakoma m'ndiwo."

"Ine tsopano ndasanduka foni," anatero amuna anga. "Muzindithirako ndalama."

Tikanatha kupitiriza chotero mpaka kalekale, ndipo mwina bwenzi zili bwino. Koma kandalama ka m'mawa tinali titasiya kupereka, ndipo zinadziwika kuti matimatiwo ankachokera ku penshoni yawo, imene mbali yake yaikulu ndi ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Amuna anga atapeza kabotolo ka mankhwala kali mbee, mwezi usanathe, analeka zozungulira. Ndinali m'khitchini ndipo ndinamva zonse.

"Atate, palibe chimene chatha m'nyumba muno. M'furiji muli matimati ofika mwezi wa mawa. Amene mukubweretsawo tikugawira anthu."

Apongozi poyankha sanakweze mawu.

"Ndiye kuti apongozi akhala akugwada masiku onsewa kulandira zinthu zimene sakuzifuna?"

Kuyambira tsiku lotsatira apongozi sanapitenso kumsika. Ndiyenera kunena mosabisa kuti ndalama zinapulumukadi, ndipo kwa nthawi yoyamba tinafika kumapeto kwa mwezi osafunsana kumene ndalama zapita. Iwo amadzuka mochedwa, n'kukhala pansi pa mtengo ndi kawailesi, kusuntha mpando potsatira mthunzi. Sanadandaule. Anthu a msinkhu wawo sadandaula, amangochepetsa mawu, ndipo m'nyumba mumayamba kumveka furiji yokha.

Lamlungu lina masana kunagogoda azimayi awiri pageti, atavala zitenje ndi mipango, nkhope zili zokonzeka kulira. Anali ogulitsa masamba kumsika kuja, ochokera ku Kaunda Square, olankhula Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chibemba.

"Odi kuno! Shani, ba mayo? Tabwela kuona ba shikulu. Bali moyo?"

Shani ndi moni wa Chibemba, ndipo ba shikulu ndi agogo aamuna. Ndisanayankhe, anawaona pansi pa mtengo, ndipo nkhope za maliro zija zinasungunuka.

"Ala, onani! Bali njo, bamvela wailesi! Ise kumaketi tenze takamba kudala ati ba shikulu bafa osatiuza."

"Ndiye mwabwera kumaliro anga ndi kamulu kamodzi ka matimati?" anafunsa apongozi, akuloza kapulasitiki kamene wamkuluyo ananyamula.

"Iyi ni mbasela chabe. Pa malilo yeniyeni tizabwela na dishi yonse."

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene sindinakumve kwa milungu ingapo. Kenaka wamng'onoyo anatembenukira kwa ine, manja m'chiuno.

"Ba madamu, ndimwe mwatipoka mwamuna wathu? Uyu ni mwamuna wathu ise bonse kumaketi. Nikayenda kutenga mwana ku sukulu, ndiye bamene bamankhala pa tebulo yanga. Tikayambana, ndiye bamene baweluza. Manje mwabaika mu furiji pamodzi na tomato?"

Ndinawaphikira tiyi. Anakhala mpaka dzuwa kupendeka, akuwauza apongozi amene wakwatiwa, amene wathawa, amene wakweza mtengo wa anyezi mopanda chifundo. Ine ndinamvera ndili patali, monga mwa mwambo, ndipo ndinaona kuti ulendo umene pa masamu anga unali wokagula matimati, matimatiwo anali gawo lake laling'ono.

Mwezi wotsatira ndinasintha dongosolo. Ufa, nyemba, mafuta, sopo ndi zina zosaola ndinagulabe kamodzi, koma matimati, anyezi ndi masamba ndinazisiya dala. Ndinatuma amuna anga kukanena kuti magetsi akuzimazima, za m'furiji zikuonongeka, ndipo ndikupempha atate kuti atithandize monga kale. Zonsezi zinali zoona, ngakhale kuti sizinali zoona zonse. Kalaliki wakale sanamizidwa ndi kalata yolembedwa bwino. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Auze apongozi kuti ndamva, ndipo ndathokoza ulemu wawo."

Anayambiranso kupita. Koma tsopano asananyamuke amafunsa mwana wawo kuti, "Chatha n'chiyani lero? Ukafunse bwinobwino." Amagula chimene atumidwa, osapitirira, ndipo amabwerako msanga. Kale ankaganiza okha chimene nyumba ikusowa. Tsopano amatumidwa, ndipo kusiyana kwake amakudziwa kuposa ine.

Choncho amene angandifunse kuti agule kangati, ndili nalo yankho, ndipo ndaliyesa: zouma kamodzi pa mwezi, zamasamba pang'onopang'ono monga zikufunikira. Ndalama zimatsalako ndithu, ngakhale si zambiri monga mnzanga wa ku Kabulonga ananenera.

Mwezi watha apongozi anauza mwana wawo kuti mvula ikatha akufuna kubwerera ku Chadiza. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti nyumba yopanda munthu imagwa msanga. Kunyumbako kulibe wowaphikira, ndipo chipatala chili kutali. Ngati pali chifukwa china, ine sindingawafunse, pakuti funso lotero silichoka kwa mpongozi. Amuna anga angathe kufunsa, koma mpaka lero sanafunse, ndipo mvula yayamba kale kudukiza.