Masauso wapatsidwa khadi yofiira ndi mlamu wake

Moni abale. Lero Loweruka, 4 koloko madzulo, Masauso wanga wagoletsa chigoli ku Chiparamba. Pomwepo anavula jezi kuti anthu aone sikipa ya nkhope ya malemu atate ake, ija tinavala pamaliro.

Refa anali aPhiri, mkamwini wanga. Anatulutsa khadi yachikasu, ndipo poti inali yachiwiri, yofiira inatsatira. Ndiye kuti Masauso sasewera fainolo ikubwerayi.

Ndinalowa m'bwalo. "Apongozi, mwanayu akulira atate ake!"

Iwo anagwada, wezulo ili m'khosi, maso kumbali. "Amayi, nanenso ndinawalira, koma jezi savula. Chonde tulukani, mpira uyambire pakati."

Tsopano Masauso akuti mlamu wakeyo asapondenso pakhomo pano. Inu mukuti walakwa ndani? Ine ndawaitana onse awiri mawa kudzakumba nsawa, mizere yoyandikana.